Kusankha zipolopolo za shotigani posaka agwape ku Indiana

Chisale (Mishawaka):
Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukusaka kuno kwa zaka zambiri. Nyengo yosaka agwape ndi mfuti kuno ku Indiana imayamba Loweruka loyamba pambuyo pa 11 Novembala, ndipo mlimi wina amene timapemphera naye wandilola kukasaka m'kankhalango kamene kali m'mphepete mwa munda wake, poti agwape akumudyera chimanga ndi soya. Chiphaso chosakira ndili nacho ndipo maphunziro a alenje ndinamaliza. Mfuti yanga ndi Mossberg 500 ya 12 gauge (gauge ndi muyeso wa kukula kwa bowo la mpope, nambala ikachepa bowo limakula), mpope wake ndi wa mainchesi 28 ndipo ndi wosalala m'kati, chifukwa ndinaigulira mbalame. Kusitolo ndinapeza mabokosi olembedwa rifled slug, ena sabot slug, ena 00 buck, ena a makatiriji otalika mainchesi 2¾, ena mainchesi 3, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Kodi ndigule ziti kuti nyama igwe msanga osavutika? Kodi zodula kwambirizo ndiye zabwino koposa?

aPhiri (Elkhart):
Achimwene a Chisale, mwachita bwino kufunsa musanagule. Funso lanu layankhidwa kale ndi mpope wa mfuti yanu, chifukwa mpopewo ndi umene umasankha chipolopolo, osati mtengo wolembedwa pa bokosi. Machaka a buckshot, monga 00 buck munaonayo, muwaiwale kaye, popeza lamulo la Indiana limafuna kuti shotigani yosakira agwape ikhale ndi slug, ndiye kuti chipolopolo chimodzi chachikulu m'katiriji imodzi. Pa ma slug pali magulu awiri, ndipo mayina ake amasocheretsa anthu ambiri. Imene yalembedwa kuti rifled slug inapangidwira mpope wosalala ngati wanuwo, pamene sabot slug inapangidwira mpope wokhala ndi mizere yopota m'kati.

Rifled slug yofala kwambiri ndi ya mtundu wa Foster, imene Karl Foster anayambitsa kuno ku America mu 1931. Ndi yamtovu wofewa, yolemera kumutu ndipo yobooka kumbuyo, choncho imauluka molunjika ngati muvi umene chitsulo chili kutsogolo ndipo nthenga zili kumbuyo. Timizere timene mumaona m'mbali mwake sitiizungulitsa kwenikweni, koma timathandiza kuti ifinyike bwino podutsa pakamwa pa mpope pamene pali popanikiza. Ya 12 gauge kawirikawiri imalemera aunsi imodzi, amene ndi magalamu 28, ndipo imatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,600 pa sekondi. Vuto lake ndi lakuti ndi yonenepa ndi yosasongoka, choncho mphepo imaibweza msanga ndipo ikamafika pa mayadi 100 imakhala itataya mphamvu yambiri n'kuyamba kugwa. Remington Slugger, Winchester Super-X ndi Federal TruBall zonse ndi za gulu limeneli. Pa mfuti yanu yambirani pamenepo, ndipo muike choke (kachitsulo kopotera pakamwa pa mpope kopanikiza potulukira) ya improved cylinder, imene imapanikiza pang'ono chabe.

Chisale (Mishawaka):
Zikomo kwambiri bambo Phiri. Nanga ndikaika sabot mu mpope wosalalawu, chingachitike n'chiyani? Kodi mfuti ingawonongeke?

aPhiri (Elkhart):
Mfuti siwonongeka, koma mutaya ndalama ndipo mukhoza kuvulaza nyama. Chipolopolo cha sabot ndi chowonda kuposa mpope, ndipo chimakhala m'kachikuta ka pulasitiki kamene kamagwira mizere ya mpope n'kuchizungulitsa, kenako kachikutako kamagwa chipolopolo chikangotuluka. Popanda kuzungulira kumeneko chipolopolo chotalika chotero chimagubuduzika m'mlengalenga, ndipo pa pepala loyeserera kuwombera mudzaona kuti china chalowa chammbali, china chapita kumanja, china pansi.

Mwale (Peoria):
Ndikugwirizana ndi aPhiri pa za mpope, koma ndikufuna a Chisale amvenso mbali inayo asanatseke nkhani. Mossberg 500 ndi Remington 870 ndi mfuti zimene mpope wake umachoka pomasula chomangira chimodzi chokha, ndipo mipope ya mizere imagulitsidwa payokha. Wabwino ndi umene uli ndi chitsulo chomangirapo sikopu (galasi lolunjikitsira loonera patali) cholumikizidwa ku mpope weniweniwo, chifukwa mukauchotsa n'kuubwezera sikopu imakhalabe yolunjika pamene munaisiya. Mukachita zimenezo mfuti yanu yasanduka ina. Hornady SST ya 12 gauge imaponya chipolopolo cha ma grain 300, pafupifupi magalamu 19, pa liwiro la mafiti 2,000 pa sekondi, ndipo popeza ndi chosongoka sichitaya liwiro msanga. Munthu wozolowera amalasa nacho bwinobwino pa mayadi 150.

Kuno ku Illinois minda ndi yaikulu ndi yathyathyathya, ndipo chimanga chikakololedwa gwape amatha kuima pakati pa munda kutali ndi mtengo uliwonse. Kwa zaka zambiri boma lino silinkalola rifle posaka agwape, mpaka pa 1 Januwale 2023 pamene analola za chipolopolo chimodzi, ndiye alenje akuno anaphunzira kutulutsa zonse zimene shotigani ingathe. A Chisale anena kuti kankhalangoko kali m'mphepete mwa munda. Tsiku lina adzaona tonde wa nyanga zabwino ataima pa mayadi 120, ndipo ndi Foster adzangomuyang'ana mpaka apite.

aPhiri (Elkhart):
Achimwene a Mwale, kumuyang'ana mpaka apite si tsoka ayi. Tsoka ndi kumuwombera pa mtunda umene munthu sanauyeserepo, n'kumuthyola mwendo kapena kumulasa m'mimba, nyama n'kukafera m'dambo patapita masiku. Zimene mwanena za sabot ndi zoona, ineyo ndili nawo mpope wa mizere, koma chipolopolo chofika mayadi 150 sichipatsa munthu dzanja lolasa pa mayadi 150. Mlenje wa chaka choyamba, mtima ukugunda, zala zitauma ndi chisanu cha Novembala, amayenera kuyandikira nyama kapena kuidikira kuti imuyandikire. M'nkhalango za kumpoto kwa Indiana kuno mitengo ndi zitsamba zimatchinga, ndipo agwape ambiri amene ndawaona akugwa anali pa mayadi 40 kapena 60. Pa mtunda wotero Foster ya 12 gauge ilibe chosowa, chifukwa imaboola bowo la mamilimita pafupifupi 18 isanayambe n'komwe kuphwanyalala.

Palinso nkhani ya ndalama imene ikukhudza luso mwachindunji. Ma slug amagulitsidwa asanu m'bokosi, ndipo bokosi la sabot limadula kangapo kuposa la Foster. Munthu amene wagula zodula amaziumira, amawombera pang'ono pa pepala n'kunena kuti zakwana. Amene wagula zotsika mtengo amatha kuyeserera mokwanira mpaka mfuti aidziwe.

NaBanda (Columbus):
Moni abambo nonse. Ndiloleni ndiwonjezere nkhani imodzi imene simunaitchule, imene ndi kukankha kwa mfuti paphewa. Slug ya 12 gauge mu mfuti yopepuka ngati Mossberg 500 imamenya kwambiri, kuposa rifle zambiri zosakira agwape. Munthu akamenyedwa kangapo thupi limaphunzira kuopa, ndipo amayamba kutsinzina ndi kugwedeza mfuti nthawi yomwe akukoka chowombera, mwini wake osazindikira. Pa chifukwa chimenechi ndikulangiza a Chisale kuti makatiriji a mainchesi 3 awasiye pashelefu. Amawonjezera liwiro pang'ono koma ululu paphewa amawonjezera wambiri, ndipo gwape wa kuno, wotchedwa whitetail, si nyama ya chikopa cholimba yofuna zonsezo. A mainchesi 2¾ ndi okwanira. Alipo ena olembedwa kuti reduced recoil kapena managed recoil, amene liwiro lake ndi lotsikirapo, ndipo pa mayadi 50 amagwetsa nyama bwino lomwe.

Ineyo ndimasaka ndi 20 gauge, Savage 220, imene inapangidwira sabot basi. Anthu ena amaganiza kuti 20 gauge ndi ya amayi ndi ana, koma alenje ambiri aamuna kuno ku Ohio anasamukira komweko ataona kuti chipolopolo cha ma grain 250 chimauluka mofanana ndi cha 12 gauge pamene phewa silikupweteka. Sindikunena kuti a Chisale agule mfuti ina. Ndikungofuna kuti adziwe kuti mphamvu yochuluka pa bokosi si imene imapha nyama, koma kulasa pamapapo ndi pamtima.

Mwale (Peoria):
Pa za 20 gauge, achemwali, mwanena zoona ndithu, ndipo ndikanati ndiyambirenso lero ndikanagula yomweyo. Koma pa Foster ya 20 gauge ndili ndi chikayiko. Yofala imalemera magawo 5 mwa 8 a aunsi, ndi yaifupi ndi yopepuka, ndipo mphamvu imaithera msanga kuposa ya 12 gauge. Mu mpope wosalala ndingasankhe 12 gauge nthawi zonse.

NaBanda (Columbus):
Pamenepo sitikutsutsana, bambo Mwale. Ubwino wa 20 gauge umaonekera pa sabot.

Mbewe (Richmond):
Ndikupempha kuti machaka asanyozedwe ngati chinthu chopanda ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti a Chisale sangawagwiritse ntchito ku Indiana. Kuno ku Virginia, kum'mawa kwa mapiri a Blue Ridge, anthu amachita uzimba ndi agalu m'nkhalango za paini ndi m'madambo owirira, ndipo nyama imatulukira mwadzidzidzi ikuthamanga, pafupi kwambiri. Pamalo otero buckshot ndi imene makolo a anthu akuno akhala akugwiritsa ntchito kwa mibadwo. Katiriji ya 00 buck ya 12 gauge ya mainchesi 2¾ imakhala ndi machaka 9, lililonse la mamilimita opitirira pang'ono 8. Ya 000 buck imakhala ndi 8 okulirapo, ndipo ya nambala 1 imakhala ndi 16 ocheperapo. Pa mayadi 25 kapena 30, machaka angapo akalowa m'nthiti nthawi imodzi gwape amagwa pomwepo.

Koma ndivomereze kuti malire ake ndi aafupi ndipo ambiri sawalemekeza. Chaka limodzi pa lokha lilibe mphamvu yambiri, ndipo amapha chifukwa cholowa ambiri pamalo amodzi. Mtunda ukakula amamwazikana, limodzi limalowa m'ntchafu, lina m'mimba, ena amangodutsa, ndipo nyama imathawa osasiya magazi oti munthu n'kulondola popeza mabowo ake ndi aang'ono. Aliyense wosaka ndi buckshot ayenera kuyesa mfuti yake pa pepala lalikulu pa mayadi 20, 30 ndi 40, n'kuwerenga machaka amene alowa m'bwalo lofanana ndi chifuwa cha gwape. Pamene ayamba kuchepa ndi pamene pali malire ake. Komanso buckshot isaikidwe mu mpope wa mizere, chifukwa kuzungulira kumawamwaza m'mbali n'kusiya pakati popanda kanthu.

aPhiri (Elkhart):
Mwafotokoza mwachilungamo achimwene a Mbewe. Kwathu ambiri a ife shotigani tinaidziwa ngati mfuti ya machaka yowombera nkhanga kapena yothamangitsira nyama m'munda, imene umangoilozetsa n'kuwombera. Maganizo amenewo ndi amene ayenera kuchoka m'mutu munthu akaika slug, chifukwa tsopano chipolopolo ndi chimodzi ndipo chiyenera kulunjikitsidwa ngati cha rifle.

Chisale (Mishawaka):
Zimenezi zikundifikitsa pa funso lina. Mfuti yanga ili ndi kamkanda kamodzi kokha kumapeto kwa mpope. Kodi kameneko n'kokwanira kulunjikitsira slug?

aPhiri (Elkhart):
Pa mayadi 30 kapena 40 n'kotheka, koma kupitirira apo kamkandako kamaphimba chifuwa chonse cha nyama, ndipo popanda cholunjikitsira chakumbuyo kusuntha pang'ono kwa tsaya lanu pa thako la mfuti kumasintha pamene slug igwere. Pali zolunjikitsira zotsika mtengo zimene zimamangidwa pa kanjira kachitsulo kali pamwamba pa mpope, chimodzi kutsogolo china kumbuyo. Mossberg 500 zambiri zilinso ndi timabowo pamwamba pomangira sikopu kapena red dot (cholunjikitsira choonetsa kadontho kofiira). Mukasankha sikopu, ikhale yosakuza kwambiri ndiponso yoti diso likhale patali nayo, chifukwa mfuti ikabwerera m'mbuyo sikopu yoyandikira imang'amba chikope.

Tsopano ndinene chimene ndimachiona chachikulu pa nkhani yonseyi. Mipope iwiri ya kampani imodzi, yopangidwa chaka chimodzi, imatha kukonda ma slug osiyana, ndipo palibe munthu pa gulu lino amene angakuuzeni kuti wanu ukonda ati. Slug ina imakhala yothina bwino mu mpope wanu, ina imagwedera pang'ono, ndipo kugwedera kumeneko ndi kumene kumamwaza. Federal TruBall anaika kampira ka pulasitiki m'bowo lakumbuyo kuti slug ikhale pakatikati pa mpope, ndipo mfuti zambiri zimaikonda, koma osati zonse. Gulani mitundu itatu kapena inayi, bokosi limodzi kapena awiri pa mtundu uliwonse, mupite kumalo oyeserera kuwombera. Ku Kingsbury Fish and Wildlife Area kufupi ndi LaPorte kuli malo otero a boma, ndipo si kutali ndi kwanu. Khazikani mfuti pa thumba la mchenga, muigwire zolimba kutsogolo ndi dzanja lamanzere osaisiya kuti idumphe yokha, popeza slug imayenda pang'onopang'ono mu mpope ndipo mfuti imakhala itayamba kale kusuntha isanatuluke. Muwombere pa mayadi 50, mupumitse mpope kuti uzizire, kenako mtundu wina. Mtundu umene waika mabowo moyandikana ndi umene mugule wambiri, makamaka a nambala imodzi ya lot yolembedwa pa bokosi. Mukatha mulunjikitse pa mayadi 50, muone pamene ikugwera pa 25 ndi pa 75, kenako muchoke pa tebulo muyesere mutakhala pansi kapena mutatsamira mtengo monga mudzachitire kuthengo. Mtunda umene ma slug anu onse akulowa m'mbale ya pepala ya mainchesi 9 ndi umene uli malire anu chaka chino.

Mwale (Peoria):
Pa mitundu yoyesayo a Chisale aikepo Brenneke. Imeneyi ndi yakale kuposa Foster, anaipanga ndi Wilhelm Brenneke ku Germany mu 1898, ndipo imagwira mu mpope wosalala. Kusiyana kwake n'kwakuti mutu wake ndi wodzaza, mtovu wake ndi wolimbirapo, ndipo chotchingira onga chimamangiriridwa kumbuyo n'kumauluka nayo limodzi. Foster yofewa ikagunda fupa la phewa pafupi imatha kuphwanyalala n'kuima m'kati osatulukira mbali inayo. Nyama imafa ndithu, koma bowo likakhala limodzi lokha, makamaka lapamwamba chifukwa munawombera muli pamtengo, magazi amadzaza m'chifuwa osadontha pansi, ndipo kulondola madzulo m'masamba ouma kumakhala kovuta. Brenneke kawirikawiri imapyoza n'kutuluka, ndipo bowo lotulukira ndi limene limasiya magazi panjira.

aPhiri (Elkhart):
Brenneke ndimailemekeza, ndipo ndikuvomera kuti iyesedwe. Koma kupyoza n'kutuluka kumatanthauza kuti muyenera kudziwa chimene chili kuseri kwa nyama. Maboma a kuno analamula shotigani kalekale poganiza kuti slug siifika patali m'madera a anthu ambiri, ndipo zimenezi zinachititsa alenje ena kukhala osasamala. Kafukufuku amene boma la Pennsylvania linachititsa, wotuluka mu 2007, anapeza kuti mfuti ikawomberedwa mopingasa pafupi ndi nthaka, slug ya sabot imatha kunjanja pansi n'kupitirira mpaka kutali kuposa chipolopolo cha rifle ya .30-06, chifukwa ndi yolemera ndipo siphwanyika ikagunda dothi. Nthaka ikauma ndi chisanu kunjanja kumeneko kumakula. Pamunda wa mlimiyo muyambe mwadziwa kumene kuli nyumba, khola ndi msewu, ndipo mukhale pamalo oti slug ikadutsa ilowe m'dothi.

Woyang'anira gulu:
Ndikuthokoza nonse chifukwa chokambirana mwaulemu. Ndiike machenjezo awiri amene sayenera kusowa pa nkhani ya zipolopolo, popeza owerenga ndi ambiri kuposa olemba. Loyamba, werengani zolembedwa pa mpope wa mfuti yanu. Katiriji ya mainchesi 3 imatha kulowa mu mfuti ya mainchesi 2¾ chifukwa utali wolembedwawo ndi wa katiriji itatseguka, koma ikaphulika imasowa malo otsegukira ndipo mphamvu ya onga imakwera moopsa. Musasakanizenso makatiriji a 20 gauge ndi a 12 gauge m'thumba limodzi. Ya 20 gauge imatsetsereka n'kukakamira m'kati mwa mpope wa 12 gauge, munthu n'kuganiza kuti sanaike kanthu, n'kuika ina kumbuyo kwake, ndipo mpope umaphulika m'manja. N'chifukwa chake makatiriji a 20 gauge kuno amapangidwa achikasu.

Lachiwiri likukhudza ife obwera. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa munthu amene analowa ndi visa yongokhala kwa nthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo chimodzi mwa izo ndi kukhala ndi chiphaso chosakira chimene chikugwira ntchito. Amene alibe zikalata zokhalira m'dziko saloledwa n'komwe. Chiphaso chikatha nthawi, bokosi la ma slug lotsala m'nyumba likhoza kukhala mlandu waukulu. Malamulo a boma lililonse amasinthanso kawirikawiri, choncho werengani kabuku ka chaka chino ka nthambi yoona zachilengedwe ya kwanuko.

Gondwe (Norwich):
Ndakhala ndikuwerenga ndi chidwi ndili kuno ku England, kumene zinthu zili mosiyana kotheratu. Lamulo la Deer Act la 1991 limaletsa kuwombera gwape ndi shotigani, ndipo alenje amagwiritsa ntchito rifle. Mpata umene ulipo ndi wa mwini malo kapena womuimira amene agwape akumuwonongera mbewu kapena mitengo kwambiri, ndipo ngakhale iyeyo ayenera kugwiritsa ntchito mfuti yosachepera 12 bore (ndiye 12 gauge), yokhala ndi machaka a saizi ya AAA kapena chipolopolo chimodzi chosabulungira cholemera magalamu osachepera 22.68. Slug yokhayo siigulidwa ndi chiphaso wamba cha shotigani, imafuna chiphaso cha firearm, chimene chimafunikanso pa rifle. Ndanena izi kuti abale athu a kuno asatenge malangizo a ku Indiana n'kukawachita m'munda wa ku Norfolk.

NaBanda (Columbus):
Zikomo bambo Gondwe. Ndibwerere kwa a Chisale ndi nkhani imene imandikhudza monga mayi komanso monga wogwira ntchito zachipatala, imene ndi mtovu mu nyama. Nyama ya gwape imodzi banja limadya miyezi ingapo, ndipo ana amadya nawo. Mtovu ulibe mlingo umene madokotala amati ndi wabwino m'magazi a mwana, ndipo umawononga kakulidwe ka ubongo ngakhale uli wochepa. Mu 2008 ku North Dakota anajambula ndi makina a X-ray nyama yogayagaya imene alenje anapereka kwa osowa, ndipo anapezamo tizidutswa ta mtovu m'mapaketi ambiri. Chaka chomwecho nthambi yoona zachilengedwe ya Minnesota inayesa mitundu ya zipolopolo, ndipo inapeza kuti slug ya shotigani imasiya tizidutswa tochepa kuposa zipolopolo za rifle zothamanga kwambiri, koma imasiyabe. Ziwombankhanga nazonso zimafa zikadya matumbo osiyidwa kuthengo. Ku California kuyambira pa 1 Julayi 2019 saloledwa kusaka nyama iliyonse ndi zipolopolo zamtovu.

Pa chifukwa chimenechi ine ndimagwiritsa ntchito sabot ya mkuwa wokhawokha, monga Federal Trophy Copper kapena imene ili ndi chipolopolo cha Barnes. Imatambasuka kumutu koma siinyenyeka, ndipo imatulukira mbali inayo. Apa ndi pamene ndikuona kuti maganizo a bambo Mwale ogula mpope wa mizere ali ndi phindu lina kuposa mtunda, chifukwa ma slug ambiri opanda mtovu amapangidwira mpope wotero.

Chisale (Mishawaka):
Achemwali, nkhani imeneyi yandigwira mtima chifukwa kunyumba kuli ana aang'ono ndipo mayi akunyumba ndi oyembekezera. Chaka chino ndalama ya mpope wina ndi sikopu palibe. Kodi pali chimene ndingachite ndikugwiritsabe ntchito mpope wosalalawu?

NaBanda (Columbus):
Chilipo, achimwene. Choyamba funsani m'masitolo aakulu kapena pa intaneti ma slug opanda mtovu a mpope wosalala, chifukwa alipo ngakhale sapezeka paliponse, ndipo makampani a ku Ulaya monga Brenneke amawapanga. Muwerenge bwino pa bokosi kuti ndi a mpope wosalala komanso choke imene akulola. Akasowa, lasani kuseri kwa mwendo wakutsogolo kuti slug idutse m'nthiti ndi m'mapapo osagunda fupa lalikulu la phewa, popeza fupa ndi limene limanyenya mtovu. Posenda, dulani mowolowa manja nyama yonse yozungulira njira ya chipolopolo, kuphatikizapo yooneka yabwino imene ili pafupi ndi yoderayo, n'kuitaya pamalo oti agalu ndi mbalame sizingaipeze. Musatsuke bala ndi madzi poganiza kuti mtovu uchoka, chifukwa madzi amangoumwaza. Nyama yogayagaya ndi imene imakhala ndi chiopsezo chachikulu, makamaka ngati okonza nyama asakaniza ya alenje ambiri m'makina amodzi, choncho pemphani kuti yanu aigaye payokha kapena muigaye nokha. Kwa amayi oyembekezerawo ndi ana osakwana zaka 6, malangizo a zaumoyo m'maboma angapo a kuno ndi akuti asadye nyama yophedwa ndi chipolopolo chamtovu, ndipo ine ndikanatsatira zimenezo.

Mwale (Peoria):
Njira ina yapakati ndi choke ya mizere, imene imapotedwa pakamwa pa mpope wosalala ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mpope wathunthu. Imazungulitsa slug pa mainchesi ochepa omalizira. Ndi ma sabot othamanga kwambiri siigwira bwino kawirikawiri, chifukwa pulasitiki imafika pa mizereyo ili kale pa liwiro lalikulu n'kungopalika, koma ndi ena oyenda pang'onopang'ono imathandiza. Imeneyinso yankho lake lili pa pepala.

aPhiri (Elkhart):
Ndi bwino a Chisale adziwenso kumene zinthu zikulowera asanaike ndalama zambiri pa shotigani chaka chamawa. Ohio inalola rifle za makatiriji owongoka (opanda khosi lowonda) mu 2014, Indiana inalola rifle zamphamvu pa malo a eni mu 2016, ndipo Winchester itatulutsa katiriji yowongoka ya rifle ya .350 Legend mu 2019 alenje ambiri anasiya ma slug chifukwa imeneyo siimenya kwambiri paphewa ndipo zipolopolo zake, zamkuwa zomwe, sizidula ngati sabot. Zotsatira zake masitolo ena achepetsa mitundu ya ma slug imene amasunga, ndipo mlungu womaliza nyengo isanayambe mashelefu amakhala opanda kanthu. Mtundu umene mfuti yanu yaukonda muugule mu Okutobala.

Chisale (Mishawaka):
Ndamva zonse ndipo ndathokoza kwambiri. Ndigula Foster za mainchesi 2¾ za mitundu ingapo, Brenneke, ndiponso zopanda mtovu ndikazipeza, ndimange zolunjikitsira pa mpope, ndipite ku Kingsbury mwezi uno usanathe. Ngati zopanda mtovu zilasa bwino, ndisakira zimenezo. Funso lomaliza, bambo Phiri: ndikamaliza kuyeserera, kodi mpope ndiutsuke ndisanapite kuthengo?

aPhiri (Elkhart):
Pamene mukuyesa mitundu yosiyanasiyana muzipukuta mpope ndi burashi yamkuwa musanasinthe mtundu, chifukwa Foster imasiya mtovu wopakika m'kati ndipo ukachuluka mabowo pa pepala amayamba kutalikirana. Mukamaliza zonse muutsuke bwino, muupukute mafuta onse mpaka uume, kenako muwombere slug imodzi kapena ziwiri za mtundu umene mwasankha n'kuusiya choncho mpaka nyengo ithe, pokhapokha mvula kapena chipale chitalowamo. Mpope wamafuta umatha kuponya slug yoyamba pamalo osiyana ndi zotsatira. Muonenso kuti choke ndi yomangika bwino, popeza ma slug amaimasula pang'onopang'ono, ndipo ngati mungathe mubwererenso ku Kingsbury m'mawa wina wozizira kumayambiriro kwa Novembala mutavala jekete lokhuthala ndi magolovesi amene mudzasakire, chifukwa zovala zimenezo zimasintha mmene mfuti imakhalira paphewa.